Mau a Pabanja: Za Kuyeza Mkodzo wa Mai Wapakati



Mwezi uno ndiyamba ndi kupepesa, pakuti chimene ndifuna kukamba nanu si chinthu chotchula pamene anthu ali kudya, kapena pamaso pa apongozi. Ndifuna kunena za mkodzo. Wina adzati, kodi aphunzitsi asowa nkhani? Iai, sindinasowe. Koma ndaona kuti manyazi athu pa mau amenewa ali kutikumbitsa manda amene sakadakumbidwa, ndipo ndayesa kuti nkwabwino ine ndichite manyazi pang'ono papepala kusiyana ndi kuti inu mukhale pa maliro. Chotero amene ali kuwerengera anzake kalatayi asadumphe mau, ndipo agogo asendere pafupi, pakuti nkhaniyi njao kopambana.

Zimene ndidaona

M'mudzi wina kumene ndipita kukaphunzitsa mudali mtsikana wa pakati poyamba, wamphamvu, wosadwaladwala. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu mapazi ake adatupa. Pambuyo pake zidatupa zala, kotero kuti mphete yaukwati idakana kubvuka, ndipo m'mawa podzuka zikope zake zidali zolemera ngati za munthu amene wagona ndi kulira. Mutu udayamba kumuwawa osaleka. Amai ena adasekerera nati, amenewa ndi mapasa. Koma ena adagwedeza mitu nati, uwu ndi mdulo, mwamuna wayenda moipa kumene adapita ku nchito. Adaitana ankhoswe, nakhala pa mlandu masiku atatu. Mnyamatayo adakana mpaka misozi, koma palibe adammvera. Usiku wa tsiku lachitatu mtsikana uja adagwa pafupi ndi moto, thupi lonse lili kugwedezeka, nadziluma lilime. Pamenepo mlandu udaiwalika, anthu nathamangira ngolo.

Adafika ku chipatala mbandakucha. Anamwino adammanga lamba woyezera magazi pamkono, natenga mkodzo wake pang'ono, nabviikamo kapepala. Mphindi imodzi isanathe, kapepala kachikasu kadasanduka kobiriwira. Adambaya mankhwala, ndipo mai adapulumuka. Koma mwana adabadwa atafa kale. Anamwino potsegula kabuku kake ka ku sikelo adapeza kuti adapitako kamodzi kokha, pachiyambi. Adandiuza kuti kapepala komweko kakadaulula nthendayo masabata angapo m'mbuyomo, akadabwera. Banja limenelo lidatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha mlandu umene sudachitike, ndipo nthenda yeniyeni idali kukula anthu ali pa bwalo.

Nthenda imeneyi njotani?

Madotolo aitcha pre-eclampsia, ndipo ikafika pogwetsa mai ndi kumgwedeza ngati wakhunyu aitcha eclampsia. Iyamba pakati patapitirira masabata 20, ndiko kuti theka la ulendo. Mwa amai 100 oyembekezera, igwira awiri kufikira asanu ndi atatu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, powerengera m'chaka cha 2014, lidapeza kuti mwa amai 100 amene afa pa uchembere, pafupi 14 afa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Tsono si nthenda yachilendo, ndipo isankha mtundu ai: igwira Mzungu ku London monga igwira mlongo wathu kumudzi.

Gwero lake lili mu nsengwa, imene mwana adyeramo ali m'mimba. Pakati pakangoyamba, mitsempha ya magazi ya m'chibaliro iyenera kutambasuka kuti ipereke magazi ambiri ku nsengwa, monga mlimi akuza ngalande yopita ku dimba. Mwa amai ena mitsemphayi sitambasuka bwino, ndipo nsengwa ikhala ndi ludzu. Pamenepo itulutsa zinthu zimene zilowa m'magazi a mai ndi kubvulaza mitsempha ya thupi lake lonse. Mitsempha ifinyika, ndipo magazi akankha ndi mphamvu yoposa muyezo. Ndicho chimene titcha kuthamanga kwa magazi. Madzi atuluka m'mitsempha nalowa m'mnofu, ndiko kutupa kuja. Chiwindi chibvulala, bongo ubvulala, ndipo mwana, posowa chakudya chokwanira, sakula bwino. Nthawi zina nsengwa ichoka pamalo pake mwana asanabadwe.

Nanga mkodzo ulowapo bwanji? Impso zathu ziwiri zili ngati sefa ya ufa. Magazi onse apita m'menemo usana ndi usiku. Madzi otsala ndi zonyansa zipyola, nizikhala mkodzo, koma zofunika zitsala m'magazi monga misere itsala pa sefa. Mwa zofunikazo muli mapuloteni, makamaka mtundu umene madotolo autcha albumin, wofanana ndi choyera cha dzira. Sefa ikakhala yabwino, mapuloteni sapyola koma pang'ono pokha. Nthendayi ikagwira impso, sefa ibooka, ndipo mapuloteni agwera mumkodzo. Ndipo chimene ndifuna kuti muchigwiritse ndi ichi: kawirikawiri sefa iyamba kudontha mai asanamve kuwawa kulikonse. Ali kusinja, ali kutunga madzi, ali kuseka ndi anzake, koma nthenda yayamba kale. Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Maso sangachione, koma lamba wa pamkono ndi kapepala ka mumkodzo zichiona.

Nzeru imeneyi idachokera kuti?

Si nzeru yadzulo ai. M'chaka cha 1827 dotolo Richard Bright, wa ku chipatala cha Guy's mu mzinda wa London, adalemba za anthu otupa thupi amene impso zao zidaonongeka. Mkodzo wao akautenthetsa m'supuni pa kandulo, udali kuundana ndi kuyera monga choyera cha dzira chiyera pamoto. M'chaka cha 1843 dotolo wina wa pa chipatala chomwecho, John Lever, adayesa njira yomweyo pa amai amene adakomoka ndi kugwedezeka pa uchembere, ndipo adapeza kuti mkodzo wao nawonso uli ndi mapuloteni. Adaonanso kuti mai akachira, mwana atabadwa, mapuloteniwo aleka. Potero adazindikira kuti nthendayi idza ndi pakati ndipo ichoka ndi pakati. Chaka chomwecho James Young Simpson wa ku Edinburgh adapeza zofanana. Lamba woyezera magazi adampanga Scipione Riva-Rocci wa ku Italy m'chaka cha 1896, ndipo pambuyo pake madotolo adaona kuti zizindikiro ziwirizi, mapuloteni mumkodzo ndi kuthamanga kwa magazi, ziyenda pamodzi. Timapepala tobviika tidapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira pamenepo nchito imene idafuna moto ndi supuni ichitika m'mphindi imodzi, ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi.

Kayezedwe kake

Mai akafika ku sikelo, anamwino ampatsa kabotolo koyera. Ayenera kuyamba wasamba m'manja ndi kudzitsuka, kenaka ataye mkodzo woyamba kutuluka, natapa wa pakati, pakuti woyambawo utenga litsiro la panjira ndi kusokoneza muyezo. Safuna wambiri, pang'ono pokha pakwana. Anamwino abviika kapepala, nadikira ngati mphindi imodzi, nayerekeza maonekedwe ake ndi mabanga olembedwa pa botolo la timapepalato. Kakakhala kachikasu monga kadaliri, mapuloteni mulibe. Kakabiriwira, alimo, ndipo kubiriwira kwambiri ndiko kuchuluka kwake. Alemba m'kabuku ndi timitanda: kamtanda kamodzi, tiwiri, titatu kapena tinai. Inu amene mudziwa kuwerenga, tsegulani kabuku ka mkazi wanu kapena ka mwana wanu muone. Mudzapezanso manambala awiri a magazi, ina pamwamba ina pansi. Yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi ikafika 90, magazi akwera. Ikafika 160 kapena yapansi 110, pamenepo mpoopsa, ndipo mai sayenera kubwerera kumudzi tsiku limenelo.

Ena aopa kusiya mkodzo wao m'manja mwa mlendo, kuti kapena angauchitire zoipa. Musaope. Akatha kuyeza autaya kuchimbudzi, ndipo amene afuna akhoza kuimirira ndi kuona ndi maso ake. Kuyezaku sikupweteka, sikukhudza mwana, ndipo sikuchotsa mphamvu ya munthu.

Kapepala sikanena zonse

Pano ndifuna kunena mosamala, kuti mungakhulupirire kapepala koposa muyezo wake. Kapepala kali ngati galu wa pakhomo: akauwa, mutuluka kukaona, koma nthawi zina auwira mbuzi, ndipo nthawi zina mbala ipita iye ali m'tulo. Kakhoza kubiriwira popanda nthendayi, ngati mai ali ndi matenda a m'chikhodzodzo, ngati mkodzo wasakanizika ndi magazi kapena chikazi, kapena ngati wayenda mtunda wautali padzuwa osamwa madzi. Kakhozanso kukhala kachikasu nthenda ilipo, ngati mai wamwa madzi ambiri ndipo mkodzo wasungunuka. Chifukwa chake anamwino akaona kamtanda kamodzi abwereza kuyeza, ndipo timitanda tiwiri kapena kuposa, pamodzi ndi magazi okwera, atenga ngati mau otsimikiza. M'zipatala zazikulu ali ndi miyezo yoposa: asonkhanitsa mkodzo wonse wa maola 24, ndipo mapuloteni akafika mamiligalamu 300 adziwa kuti impso zagwidwa; kapena ayerekeza mapuloteniwo ndi chonyansa china cha m'thupi chotchedwa creatinine, napeza yankho tsiku lomwelo.

Ndiponso m'chaka cha 2013 madotolo a uchembere a ku America adagwirizana kuti mai akhoza kukhala ndi nthendayi ngakhale mkodzo uli woyera, ngati magazi akwera ndipo chiwindi, bongo, maso kapena magazi enieniwo aonetsa kubvulala. Tsono mai wa mutu wowawa ndi magazi okwera asati, mkodzo wanga adaupeza bwino mwezi watha, palibe kanthu. Muyezo wa mwezi watha unena za mwezi watha. Nthendayi ikhoza kubuka pakati pa sabata ndi sabata, ndipo nchifukwa chake bungwe la WHO, m'chaka cha 2016, lidalangiza kuti mai aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu: koyamba asanapitirire masabata 12, kenaka pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Taonani mmene maulendowo ayandikirana kumapeto. Ndiyo nyengo imene nthendayi ikonda.

Zichitika kuti mai afika ku sikelo napeza timapepala tatha. Pamenepo asapse mtima, ndipo asabwerere chete. Apemphe mwaulemu kuti amuyeze magazi, pakuti lamba ndiye mboni yoyamba; ndipo magazi akapezeka okwera, afunse kumene angakayezetse mkodzo. Safunsa adadya phula.

Akapeza nthenda achita chiani?

Apereka mankhwala otsitsa magazi, monga methyldopa, nifedipine kapena hydralazine, ndipo amuona mai kawirikawiri kapena amgoneka. Ikakula, ambaya mankhwala otchedwa magnesium sulphate, oletsa kukomoka. Mankhwala amenewa adayesedwa pa amai oposa 10,000 m'maiko 33, ndipo zotsatira zake, zimene zidalengezedwa m'chaka cha 2002, zidaonetsa kuti achepetsa kukomoka koposa theka. Koma mankhwala onsewa angogwiriziza. Popeza gwero lili mu nsengwa, nthenda itha pamene mwana ndi nsengwa zatuluka. Chotero madotolo akhoza kuyambitsa matenda a uchembere pa masabata 37, kapena msanga koposa ngati moyo wa mai uli pangozi, ndipo nthawi zina achita opaleshoni. Akanena zimenezi, abale musakane ndi kuti masiku sanakwane. Iwo aona muyezo umene inu simuuona.

Pali amai amene ayenera kuchenjera koposa anzao: wa pakati poyamba, mtsikana wamng'ono, mai wopitirira zaka 40, woyembekezera mapasa, amene adadwalapo nthendayi kale kapena amene mai wake kapena mbale wake adadwala, wa matenda a shuga, wa matenda a impso, wonenepa kwambiri, ndi amene magazi ake adali okwera asanatenge pakati. Otere anene mbiri yao yonse pa ulendo woyamba, pakuti kwa ena achipatala apereka aspirin wochepa tsiku ndi tsiku, ndi mankhwala a calcium, kuti nthenda ingayambe. Koma mai asagule yekha mankhwala pa golosale. Muyezo wake audziwa ndi achipatala.

Ndipo pakhomo musalakwe ndi kuti, popeza mapuloteni ali kutayika, timmane mazira ndi nyama. Mapuloteni a mumkodzo sachokera ku kudya kwambiri. Achokera ku sefa yobooka. Kummana chakudya ndiko kumuonjezera bvuto, ndipo kummana mchere sikuletsa nthendayi. Adye nyemba, nsinjiro, mazira, masamba, ndi usipa kapena matemba pamodzi ndi minga yake.

Zizindikiro zosagonera

Kutupa kwa mapazi kokha, makamaka madzulo, kuchitika kwa amai ambiri ndipo si nthawi zonse kuli koopsa. Koma mukaona chimodzi cha izi, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale usiku: kutupa kwa nkhope ndi manja, makamaka kodza mwadzidzidzi, mutu wowawa kwambiri wosamva mankhwala, kuona chimbuuzi kapena tinthu tong'anima m'maso, kupweteka pansi pa nthiti, makamaka kudzanja lamanja, kapena pachifu, kusanza m'miyezi yomaliza, mkodzo wochepa, kupuma mobanika, kutaya magazi, ndi mwana kuleka kugunda monga mwa masiku onse.

Mai akagwa ndi kugwedezeka, mchotseni pafupi ndi moto, mgonekeni chammbali, kumanzere, kuti malobvu ndi masanzi zisamtsamwe. Musamuike supuni kapena mtengo m'kamwa, musamthire madzi kapena mankhwala kukhosi, musampanikize. Kugwedezeka kukaleka, mnyamuleni ali chigonere chammbali, ndipo kabuku kake kasatsale. Nthendayi si khunyu ndipo siipatsirana, musaope kumgwira.

Kumbukiraninso kuti ngozi siitha tsiku lobadwa mwana. Mai akhoza kukomoka ali m'chikuta, makamaka masiku oyamba, ndipo ayenera kusamalidwa mpaka masabata 6. Mai wa m'chikuta akadandaula mutu kapena maso, mwambo wa kusatuluka usamtsekereze. Atuluke, apite ku chipatala.

Mau kwa eni banja

Kwa inu agogo ndi anamkungwi: mudatilera ndipo tikulemekezani. Inu ndinu muona msanga nkhope ya mwana ikasintha, pakuti mudaona mimba zambiri. Maso anu omwewo akhale otumiza ku sikelo. Mukaona kutupa, mau oyamba asakhale akuti wachimwa ndani, koma akuti wayezetsa liti. Sindikana kuti m'mabanja mukhala zolakwa zoyenera kukambidwa. Koma mlandu ukhoza kudikira sabata yamawa osaonongeka, pamene magazi okwera sadikira. Nthendayi igwira mkazi wa mwamuna wokhulupirika monga igwira wina aliyense, pakuti ichokera mu nsengwa. Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ndiponso mwambo wobisa pakati mpaka paoneke uchedwetsa ulendo woyamba. Mukhoza kubisira mudzi, koma anamwino musawabisire.

Kwa inu amuna anzanga: musati za ku sikelo nza akazi. Perekezani mkazi wanu, mverani nokha manambala, ndipo dziwani tsiku la ulendo wotsatira monga mudziwa tsiku la msika. Pokolola patulani kandalama ka ulendo, ndipo panganani msanga ndi mwini ngolo, njinga kapena galimoto, kuti usiku wa bvuto musayambe kugogoda m'makomo. Ngati kwanu nkutali, kapena mitsinje idzaza nthawi ya dzinja, mloleni mai akakhale kuchidikiro masiku ake akayandikira. Munda udzalimidwa ndi abale.

Kwa inu eni mbumba: nenani lero lomwe, pamaso pa onse, kuti mwana wanu akadwala apite ku chipatala osadikira chilolezo chanu. Amai ambiri achedwa chifukwa amalume adali ku ulendo ndipo palibe adalimba mtima kulamula.

Ndipo kwa inu ana anga oyembekezera: moyo umene mwasenza ndi mphatso, ndipo wanunso ndi mphatso; kuusamala si kusowa chikhulupiriro. Musachite manyazi ndi kabotolo. Pa ulendo uliwonse funsani mafunso awiri: magazi anga ali bwanji lero, ndipo mumkodzo mwapezeka chiani?

Mtsikana uja ndidanena poyamba adatenganso pakati patapita zaka ziwiri. Ulendo uno apongozi ake omwe, amene adatsogolera mlandu uja, ndiwo adali kumperekeza ku sikelo, kabuku atakamanga pa nsonga ya chitenje. Pa masabata 34 magazi adakweranso ndipo kapepala kadabiriwira. Adamgoneka, nampatsa mankhwala, ndipo pa nthawi imene madotolo adaiona yoyenera adabadwa mwana wamkazi, wamng'ono koma wamoyo. Tsopano ali kuyenda, ndipo ndikafika m'mudzimo andilanda chipewa.

Mukatha kuwerenga kalatayi musaisunge m'bokosi. Pitani nayo kwa mnansi amene ali ndi woyembekezera pakhomo, mumuwerengere.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni inu ndi ana anu.

Ndine mphunzitsi wanu.